Mzere wa kuchipatala: ndani ayenera kuyamba kuthandizidwa?

Tikamakambirana za mavuto a zipatala zathu, nkhani imathamangira ku kusowa kwa mankhwala, kuchepa kwa anamwino ndi madokotala, ma ambulansi opanda mafuta ndiponso ndalama zimene Unduna wa Zaumoyo umapatsidwa mu bajeti ya boma. Zonsezi ndi zoona ndipo palibe amene angazitsutse. Koma pali chinthu china chimene aliyense amene anapitako ku chipatala cha boma anachiona ndi maso ake, chimene kawirikawiri sitichiwerengera ngati mbali ya chithandizo, ndicho mzere. Ine ndimaona kuti mmene chipatala chimasankhira munthu woyamba kulowa m'chipinda cha dokotala ndi nkhani yaikulu mofanana ndi kupezeka kwa mankhwala ku famase, ndipo kusiyana kwake ndi kwakuti mzere ungathe kukonzedwa ndi anthu amene alipo kale pachipatalapo, popanda kudikira galimoto yochokera ku Central Medical Stores Trust, bungwe logawa mankhwala m'zipatala za boma.

Lamulo limene tonse tinalizolowera ndi lakuti woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa. Ku banki kapena kogula feteleza lamuloli ndi lachilungamodi, chifukwa kudikira kumangomutayitsa munthu nthawi. Kuchipatala sizili choncho. Amene amafika mbandakucha ndi kukhala kumayambiriro kwa benchi nthawi zambiri ndi amene amakhala pafupi, kapena amene ali ndi mphamvu zoyenda mofulumira. Mayi wochokera kumudzi wakutali, amene wayamba wafunafuna ndalama ya kabaza kapena wayenda wapansi mwana ali kumsana, amafika dzuwa litakwera, ndipo mwana wakeyo ndiye amakhala wodwalitsa, chifukwa banja lakutali silinyamuka ulendo wotere pokhapokha matenda atakula. Motero lamulo la woyamba kufika limaika wodwalitsitsa kumapeto kwa mzere. Choopsa china ndi chakuti mwana amene akulira mokweza amaonedwa ndi aliyense, pamene mwana amene wafookeratu amangokhala chete m'chitenje, ndipo amene akhala naye pabenchi, ngakhale mayi ake enieniwo, amayesa kuti wagona.

Umboni waukulu wa nkhani imeneyi unachokera kwathu konkuno. Chaka cha 2001 chisanafike, ana odwala ofika ku chipatala cha Gulupu mu mzinda wa Blantyre ankafikira ku sikelo ya ana osakwana zaka zisanu, kumene mwana wodwala kwambiri ankasakanikirana ndi khamu la ana a chimfine ndi ena obwera kudzalandira katemera. Njira yodalirika yowasiyanitsira panalibe, ndipo gawo lalikulu la ana omwalira m'mawodi linkamwalira tsiku loyamba lomwelo. Pulofesa Elizabeth Molyneux, dokotala wa ana amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Gulupu ndi ku College of Medicine, pamodzi ndi anzake anasintha kayendedwe ka odwala. Anakonza malo apadera olandirira ana odwala mwadzidzidzi, anaphunzitsa ogwira ntchito kuyang'ana mwana aliyense akangofika, anaika zipangizo zotsitsimutsira mwana pafupi ndi khomo, ndipo anaonetsetsa kuti pamalopo pazikhala dokotala wodziwa woyang'anira ena. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2006 m'magazini ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Kusinthaku kusanachitike, ana 10 mpaka 18 pa ana 100 alionse ogonekedwa ankamwalira, ndipo kutachitika chiwerengerocho chinatsika kufika pa ana 6 mpaka 8. Ndalama zokonzera malo zinalowapo ndithu, koma mankhwala a malungo, a chibayo ndi magazi opatsa ana anali omwe aja akale. Chimene chinasintha ndi nthawi imene mwana ankawalandirira.

Njira imeneyi, imene ogwira ntchito zachipatala amaitchula mwachidule kuti ETAT, inakhwimira ku Blantyre, ndipo mu 2005 bungwe la WHO linaisindikiza kukhala maphunziro amene tsopano amaperekedwa m'maiko ambiri. Mfundo yake ndi yosavuta kumva. Mwana akangofika, dzina lake lisanalembedwe n'komwe, munthu wophunzitsidwa amamuyang'ana kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi ndi kumuika m'gulu limodzi mwa magulu atatu. Gulu loyamba ndi la ana ofunika chithandizo pompopompo: amene akubanika kapena milomo yawo yasintha mtundu chifukwa chosowa mpweya, amene manja awo azizira ndipo mtsempha ukugunda mofulumira koma mofooka, amene akomoka kapena akuchita linjirinjiri, ndiponso amene atha madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. Ana otere sakhala pabenchi, amathamangira nawo ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Gulu lachiwiri ndi la ana amene angathe kudikira pang'ono pokha, monga khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wotentha thupi kwambiri, woyera m'manja chifukwa chochepa magazi, wotupa mapazi onse awiri, wonyentchera, wopsa ndi moto, womwa parafini kapena mankhwala oopsa, ndiponso wobwera ndi kalata yochokera ku chipatala china. Amenewa amapita kumayambiriro kwa mzere. Otsala onse amadikira monga mwa nthawi imene anafikira. M'zipatala zambiri magulu atatuwa amadziwika ndi mitundu, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira.

Chimene chimandikopa mtima pa njirayi ndi chakuti kuzindikira mwana wa mtundu wofiira sikufuna digiri. Maphunzirowo amanena momveka bwino kuti aliyense amene amayamba kukumana ndi wodwala, kaya ndi mlonda wa pageti, wolemba maina kapena wosesa, ayenera kudziwa zizindikiro zoopsazo ndi kupatsidwa mphamvu yomutulutsa mwana pamzere. M'zipatala zina zazing'ono za ku Blantyre, alangizi a zaumoyo anapatsidwa mafoni okhala ndi mafunso owatsogolera posankha ana pansi pa ntchito yotchedwa Chipatala Robot. M'dziko limene chipatala chaching'ono chimadalira medical assistant mmodzi ndi anamwino ochepa, sizingatheke kuti munthu yemweyo amene ali m'chipinda kulemba mankhwala akhalenso akuyendera mabenchi panja. Ntchito yoyang'ana mzere iyenera kukhala ya munthu wina, wodziwika dzina, amene tsiku limenelo akudziwa kuti ndi yake.

Apa ndi pamene zinthu zimavuta, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Kuyambitsa njira yotere ndi kosavuta kusiyana ndi kuisunga. Amene anaphunzitsidwa amasamutsidwa, ena amapita kusukulu, ena amapuma pantchito, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu chimene chimatsala ndi chipepala cha mitundu itatu chopachikidwa pakhoma. Maphunziro akamachitikira kutali ndi chipatala, kumene kuli ma alawansi, amene amasankhidwa kupitako nthawi zina ndi akuluakulu a mu ofesi, pamene mlonda ndi wolemba maina, amene amaima pakhomo tsiku lililonse, amatsala. Komanso kusankha odwala si ntchito yochita kamodzi m'mawa n'kuiwala. Mwana amene anali wobiriwira nthawi ya 8 koloko angathe kukhala wofiira nthawi ya 11 koloko, chifukwa malungo ndi kutsegula m'mimba zimakula mwana ali pabenchi pomwepo. Pamafunika munthu wobwereza kuyendera mzerewo, kuvundukula zitenje mwaulemu ndi kufunsa amayi ngati mwana akuyamwa. Usiku ndi Loweruka ndi Lamlungu, pamene ogwira ntchito amachepa, ndi pamenenso njirayi imayamba kugwa.

Ndiponso kumuzindikira mwana wofiira kulibe phindu ngati kumene akumuthamangitsirako kulibe kanthu. Chipinda cha odwala mwadzidzidzi chimene makiyi ake ali m'thumba la munthu amene wapita ku nkhomaliro, makina a mpweya wa okosijeni amene alibe magetsi, bokosi la mankhwala limene linatsegulidwa sabata yatha osabwezeretsamo kanthu, zonsezi zimabweza mwana kumapeto kwa mzere ngakhale ali m'manja mwa namwino. Zofunika m'bokosi limenelo si zambiri: madzi a diripi ndi singano za ana, shuga wobaya, mankhwala oletsa kukomoka, jakisoni wa artesunate wa malungo aakulu, ndi mankhwala opha tizilombo toyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Ngakhale pamene famase yaikulu ikuperewera, chipatala chokonzeka chimateteza bokosi laling'onoli, ndipo wina amaliwerenga m'mawa uliwonse ndi kusainira.

Pali vuto lina limene silili m'mabuku a maphunziro koma lili pabenchi. Anthu athu aona kambirimbiri wachibale wa wogwira ntchito kapena bwana wina akudutsa mzere popanda chifukwa, kotero namwino akatenga mwana wofika mochedwa ndi kulowa naye, mawu oyamba kumveka ndi akuti, "Ife tabwera kalekale, awa ndi achibale awo eti?" Kudandaula kotere sindikuona kuti ndi kuuma mtima, koma kuti anthu anaphunzitsidwa ndi zimene anaziona. Mankhwala ake ndi kufotokoza. M'zipatala zambiri tsiku limayamba ndi pemphero ndi uphungu wa zaumoyo odwala asanayambe kuonedwa, ndipo mphindi ziwiri za uphungu umenewo zingakwane kunena kuti pano timayamba ndi odwalitsa, zizindikiro zake ndi izi, ndipo ngati mwana wanu wasintha muli pamzere, imirirani mutiuze, palibe amene akukalipireni. Mbali yomalizayi ndi yofunika kwambiri, chifukwa ulemu umene tinaleredwa nawo umapangitsa mayi wakumudzi kukhala chete pamaso pa munthu wovala yunifomu, ngakhale akumva kuti mwana kumsana wayamba kupuma mwachilendo. Koma wogwira ntchito mmodzi akalowetsa mlamu wake wa chimfine anthu akuona, uphungu wonse wa m'mawa umathera pomwepo.

Kwa akuluakulu mfundo yake ndi yomweyo ngakhale zizindikiro zimasiyana, ndipo chipatala cha Gulupu chinatsegula malo olandirira akuluakulu odwala mwadzidzidzi ndi ovulala pangozi mu 2011.

Mzere wachiwiri umene ndikufuna kunena ndi wa anthu amene sali pangozi lero, koma adzabwera mwezi uliwonse moyo wawo wonse. Ndimaperekeza azakhali anga, amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ku chipatala china cha boma, ndipo ulendo wathu umakhala wofanana nthawi zonse. Timafika m'mawa, timaima pamzere wolembetsa, kenako wa kuyeza BP, kenako wa dokotala, kenako wa ku famase, ndipo kukumana kwenikweni ndi woona odwala kumatenga mphindi zochepa. Mbiri yonse ya matenda awo ili m'buku lawo la kuchipatala, limene likadzaza kapena likanyowa ndi mvula ndiye kuti mbiriyo yathera pomwepo. Akalephera kubwera miyezi itatu palibe amene angadziwe, chifukwa pachipatalapo palibe pepala limene likuwayembekezera. Mankhwala awo akasowa amauzidwa kuti akagule, ndipo tsiku lonse lija limakhala latayika pachabe.

Pabwalo lomwelo, kungodutsa khomo limodzi, pali kiliniki ya ma ARV, ndipo kumeneko zinthu zimayenda mwa mtundu wina. Kuyambira 2004, pamene boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere ndi thandizo la ndalama lochokera ku bungwe lakunja la Global Fund, ntchitoyi inamangidwa pa mfundo zochepa zimene zinatsatidwa mosaphonya. Wodwala aliyense ali ndi khadi lake losungidwa pachipatala ndi tsiku lodziwika lobwerera. Miyezi itatu iliyonse gulu la oyang'anira limafika pa kiliniki iliyonse ndi kuwerenga kuti ndi angati ali moyo ndipo akumwa mankhwala, angati amwalira, angati asamuka ndi angati asowa, ndipo chiwerengero chomwecho ndi chimene chimathandiza kudziwa mankhwala ofunika kutumiza. Wodumpha tsiku lake amalondoledwa pa foni kapena kunyumba. Amene thupi lawo likuyenda bwino amapatsidwa mankhwala okwana miyezi isanu ndi umodzi, kotero amabwera kawiri kokha pachaka, ndipo benchi imatsalira amene akufunikadi kuonedwa. M'makiliniki akuluakulu muli makompyuta ongodina pagalasi, amene bungwe la Baobab Health linayamba kuwayesa ku Kamuzu Central Hospital mu 2001. Ndi njira imeneyi dziko losauka ngati lathu likusamalira anthu oposa 900,000 amene akumwa ma ARV, ambiri mwa iwo akuonedwa ndi anamwino ndi ma clinical officer.

Funso langa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani nzeru zimenezi zimathera pakhomo la kiliniki imodzi? Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Wodwala BP, shuga, khunyu kapena mphumu amafuna zomwezo zimene womwa ma ARV amafuna: khadi, tsiku lobwerera, mankhwala okwanira nthawi yaitali, ndi munthu wozindikira kuti sanabwere. Ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira 2007, anaphatikiza odwala onsewa mu kiliniki imodzi ya matenda okhalitsa mu 2015, ndipo ogwira ntchito amatengera kilinikiyo ku zipatala zazing'ono m'malo mwakuti wodwala akwere mapiri a kumeneko kupita ku boma. Phindu lina limene mwina silinali loyamba m'maganizo ndi lakuti munthu wokhala pabenchi yotere sadziwika kuti wabwerera matenda ati, ndipo amene amachita manyazi kuoneka pa khomo la ma ARV amapezapo mpumulo.

Ndikudziwa zimene namwino wotopa angandiyankhe, ndipo akhala akunena zoona. Kiliniki ya ma ARV imayenda bwino chifukwa kumbuyo kwake kuli ndalama zambiri za maiko akunja, zolipira olemba makadi, olondola odwala ndi magalimoto a oyang'anira, ndipo pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake kumayambiriro kwa 2025, zinaonekeratu kuti maziko amenewo si athu onse. Kupereka mankhwala a BP a miyezi itatu n'kosatheka ngati m'famase muli a sabata imodzi, ndipo munthu mmodzi woona odwala mazana patsiku sangachite zozizwitsa ngakhale mzere utakonzedwa bwanji. Sindikunena kuti kukonza mzere kungalowe m'malo mwa ndalama. Ndikunena kuti pamene ogwira ntchito ndi ochepa ndi pamene kusankha bwino woyamba kuonedwa kumafunika kopambana, chifukwa chipatala chokhala ndi madokotala okwanira chingathe kulakwitsa dongosolo popanda kutaya mwana, pamene chathu sichingathe. Ndipo kugawa masiku, kunena kuti odwala BP abwere Lachitatu masana m'malo mounjikana ndi aliyense Lolemba m'mawa, kumafuna kaundula ndi cholembera basi.

Mzere umafupikanso anthu akathandizidwa asanafike pageti. Kuyambira 2008 alangizi a zaumoyo a m'madera ovuta kufikako akhala akuchiza malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana aang'ono m'makiliniki a m'midzi, ndipo Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chimapereka uphungu wa zaumoyo pa foni. Mu mzinda wa Blantyre, umene ulibe chipatala cha pa boma (district hospital) ngati maboma ena, wodwala aliyense amene wathandizidwa mokwanira ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa ndi malo amodzi opulumuka pa benchi ya ku Gulupu.

Kwa amene amayendetsa chipatala, ndiponso kwa makomiti a anthu a m'dera amene amayang'anira zipatala zazing'ono, pali chinthu chimodzi chimene ndingakonde chitayamba kuwerengedwa. Malipoti a mwezi ndi mwezi amanena kuchuluka kwa odwala amene anaonedwa ndi matenda amene anapezeka nawo, koma sanena kuti mwana wobanika anakhala nthawi yaitali bwanji asanakhudzidwe ndi munthu wachipatala. Kudziwa zimenezi sikufuna kompyuta. Amene ali pakhomo alembe nthawi yofikira ndi mtundu wa mwanayo m'buku lake la kuchipatala, woona odwala alembe nthawi imene wamuona, ndipo kumapeto kwa sabata wina asonkhanitse manambala a ana ofiira ndi achikasu okha. Mwana aliyense womwalira pasanathe tsiku limodzi chifikire, ogwira ntchito akhale pansi ndi kutsata ulendo wake kuyambira pageti, osati pofuna kupeza womuloza chala, chifukwa akatero anthu amayamba kubisa nthawi zenizeni, koma pofuna kuona pamene mphindi zinatayikira. Komiti ya chipatala ikamakumana, pambali pa kusainira mankhwala amene afika, ifunsenso kuti sabata imeneyo amene amayang'ana mzere anali ndani, ndipo Loweruka usiku amamulowa m'malo ndani.